Ku Perry Green, kumene mkazi wogona wa Henry Moore amayambira m'chikhatho

Henry Moore Studios & Gardens ndi malo amene wosema ziboliboli wa ku England, Henry Moore, ankakhala ndi kugwirira ntchito kuyambira 1940 mpaka imfa yake mu 1986. Ali m'mudzi wa Perry Green, pafupi ndi Much Hadham m'chigawo cha Hertfordshire, makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa London, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Henry Moore Foundation limene mwiniwakeyo anakhazikitsa mu 1977. Tikiti imakulowetsani m'minda ndi m'mabusa a nkhosa a maekala oposa 70, m'nyumba zingapo zogwiriramo ntchito, ndi m'zipinda za zionetsero. Kwa munthu wofuna kumvetsa chiboliboli cha mkazi wogona motsamira, chimene Moore anachibwereza moyo wake wonse, ulendowu ndi woyenera ndalama zake ndi tsiku lathunthu. Koma phindu lake lidalira kumene mwayambira, ndiponso kudziwiratu zimene simukazipeza kumeneko.

Choyamba, n'chifukwa chiyani mkaziyu amagona? Moore ankafotokoza kuti thupi la munthu limaima, limakhala pansi, kapena limagona, basi. Aliyense wosema mwala amalidziwa vuto la thupi loimirira. Kulemera konse kumatsikira pa akakolo awiri, ndipo mwala, ngakhale umapirira kupsinjidwa, supirira kupindidwa: ukaonda pa kakolo umathyoka. N'chifukwa chake ziboliboli zambiri zamwala za Aroma zili ndi chitsa cha mtengo chosemedwa pambali pa mwendo, kuti chichirikize. Thupi lokhala pansi limafuna mpando, ndiye kuti wosema asemenso mpandowo, afune asafune. Thupi logona lokha ndilo silipempha kanthu. Limatsamira pa chigongono, pa thako ndi pa phazi, ndipo kulemera kukakhala pansi chotero mungathe kuboola pamimba, kukweza maondo, kupotoza chifuwa, chinthucho osagwa. Ufulu wonse umene mukaone m'minda ya Perry Green ukuchokera pamenepa.

Alendo ambiri akangolowa amathamangira ziboliboli zikuluzikulu za pa kapinga. Musatero. Pitani kaye ku Bourne Maquette Studio, kachipinda kakang'ono kodzaza ndi mashelefu. Pamashelefupo pali mafupa a nyama, zigoba za m'nyanja, miyala ya flint imene pulawo imafukula m'minda ya m'derali, ndi tizitsanzo tambirimbiri ta pulasitala ndi dongo totha kukwana m'chikhatho. Pali ngakhale chigaza cha njovu chimene anapatsidwa ndi banja la katswiri wa sayansi ya zamoyo Julian Huxley. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Moore anachepetsa kuyambira ntchito pa pepala, chifukwa chojambula chimakupatsani mbali imodzi yokha, pamene kachitsanzo mumakatembenuza m'manja n'kukaona uku ndi uku, pansi ndi pamwamba pomwe. Nthawi zina ankadinda mwala kapena fupa m'dongo, n'kuthira pulasitala m'dzenjemo, n'kuwonjezera mutu ndi miyendo pa chimene chatulukacho. Mukayang'anitsitsa muona kamwala kamene kali ndi bondo kale, pambali pake kamwala komweko katamera khosi, pambali pakenso mkazi wathunthu wotsamira chigongono. Palibe buku limene lingakuonetseni zimenezi bwino kuposa shelefu imeneyi. Vuto lake n'lakuti chipindacho n'chopanikiza ndipo zinthu mumaziona muli chapatali, osazigwira kapena kuzizungulira. Anthu akachuluka dikirani panja mpaka achepe, chifukwa apa m'pofunika mphindi 20, ngakhale 30.

Kuchoka pa kachitsanzo kufika pa chiboliboli cha mamita angapo panali masitepe awiri. Poyamba othandizira ake ankakuza kachitsanzoko kufika pa chitsanzo chapakati, cha masentimita 60 kapena mita imodzi, ndipo Moore ankachikonza pamenepo. Kenaka ankachikuza kufika pa msinkhu weniweni. Kakuzidwe kake n'ka masamu: kachitsanzo amakaika pa thabwa la mizere yopingasana, amayeza nsonga iliyonse kutalika, m'lifupi ndi msinkhu, n'kuchulukitsa ndi nambala imodzi. Amamanga felemu ya matabwa ndi waya, amaikuta ndi chiguduli choviika mu pulasitala, n'kumawonjezera pulasitala wina pamwamba mpaka thupi litadzaza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anayamba kugwiritsa ntchito polystyrene, pulasitiki wonga thovu louma, pa ntchito zazikulu, popeza ndi wopepuka, amadulika ndi waya wotentha, ndipo zidutswa zake zimanyamulika kupita kosungunulira zitsulo popanda mavuto. Ntchito zazikulu zotere ankazikuzira m'chisakasa cha felemu yachitsulo chokutidwa ndi pulasitiki, n'cholinga choti kuwala kwa panja kulowe, pakuti chiboliboli chokakhala panja chikaumbidwa m'kuwala kwa nyali chimakanamiza maso.

Pamene pamalakwika ndi pano. Mukakuza chinthu kakhumi m'litali, khungu lake limakula ka 100 ndipo thunthu lake ka 1,000. Kamzere ka chikhadabo pa kachitsanzo kamasanduka ngalande, ndipo malo osalala amene anali ngati nsonga ya chala amasanduka chipupa chopanda kanthu. Komanso diso limasintha malo. Kachitsanzo mumakaona muli pamwamba pake, pamene chachikulu mumachiona muli pansi, ndiye mutu umaoneka wochepa, maondo n'kumaoneka otupa. Masamu okha sangakonze zimenezi. Pamafunika kuti mwiniwake abwere ndi nkhwangwa ndi tupa, achotse apa, awonjezere apo. Ichi n'chifukwa chake Moore ankakonda pulasitala: ali wonyowa mumamuumba ngati dongo, pakatha mphindi 15 kapena 20 walimba ndipo mumamusema ngati mwala wofewa. Ankamupala ngakhale ndi chopalira tchizi cha kukhitchini, ndipo mizere yake imaonekabe pa mkuwa. Zitsanzo za pulasitala zimene zili m'masitudiyo zionetsetseni bwino, makamaka zopakidwa utoto wofiirira wa walnut, chifukwa ndipo pamene dzanja lake linakhudza komaliza. Zambiri zazikulu anazipereka ku Art Gallery of Ontario ku Toronto, kumene chipinda chake chinatsegulidwa mu 1974, koma zotsala pano n'zokwanira kuphunzirirapo.

Mukatuluka panja mudziwe kuti ziboliboli za mkuwa wa bronze mukuzionazo n'zamphako m'kati. Khungu lake ndi lochindikala mamilimita ochepa chabe. Osungunula zitsulo, ngati a Hermann Noack ku Berlin amene anathira ntchito zake zazikulu zambiri, amadula chitsanzo m'zigawo, amapanga chikombole cha chigawo chilichonse, amathira mkuwa wotentha madigiri oposa 1,000, kenaka amawotcherera zigawozo n'kupala misoko mpaka itabisika. Mtundu wa pamwamba amaubweretsa ndi mankhwala: a sulfure amadetsa mkuwa kukhala wofiirira, a cupric nitrate amaubiriwitsa. Pamapeto amapaka phula loteteza, ndipo phulalo limafuna kubwerezedwa kawirikawiri. Chiboliboli chogona chili ndi vuto limene choimirira chilibe, lakuti madzi a mvula amadikha pamimba, pakati pa ntchafu ndi m'mapindiro a nsalu. Akakhalitsa pamenepo pamodzi ndi masamba ndi zitosi za mbalame amadya phula n'kusiya mizere yobiriwira yotsika m'nthiti. Pa nkhani imeneyi malowa ndi otamandika. Mkuwa ndi wosamalidwa, ndipo sanaupukute mpaka kunyezimira ngati watsopano, zimene zikanapha maonekedwe amene mwiniwake ankafuna.

Chimene chimakopa maso kwambiri ndi Large Reclining Figure cha 1984, chogona pamwamba pa chitunda kuseri kwa busa la nkhosa. Chitundacho chinali mulu wa zotsalira pokumba miyala, Moore n'kuuumbitsa ndi buludoza kuti chiboliboli chioneke kumbuyo kwake kuli thambo lokha. Chiboliboli chimenechi n'chotalika mamita oposa 9, koma chinachokera ku kachiboliboli ka mtovu ka 1938 kotalika masentimita pafupifupi 33, kamene kali ku Museum of Modern Art ku New York. Ndiye kuti anakakuza pafupifupi ka 27. Anachipangira nyumba ya banki ya OCBC ku Singapore, imene anaikonza katswiri wa zomangamanga I. M. Pei, ndipo cha pano ndi chinzake. Muli patali n'chodabwitsa. Miyendo ndi mikono n'zoonda monga zimathekera ndi chitsulo chokha, pamimba palibe mnofu, ndipo mitambo imadutsa m'kati mwa thupi. Mukayandikira mphamvu imachepa. Khungu lake ndi losalala ponseponse, lopanda kukangana kwa dzanja ndi chipangizo kumene mwaona m'situdiyo, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti Moore anali ndi zaka zoposa 85 ndipo thanzi linali litafooka. Chioneni muli m'munsi mwa busa, yendani pang'onopang'ono chammbali kuti muone mabowo akutseguka ndi kutsekeka, ndipo musayembekezere zambiri kufupi.

Zokoma kuyandikira ndi zapakati, za msinkhu wa munthu kapena kuposerapo pang'ono. Draped Reclining Figure cha 1952 mpaka 1953 anachipangira khonde la pamwamba pa Time-Life Building mu Bond Street ku London, atangobwera kumene ku Greece mu 1951. Mbewu yake inafesedwa kale pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene ankajambula anthu ogona atafunda mabulangete m'masiteshoni a sitima zapansi pa London pothawa mabomba mu 1940 ndi 1941. Onani mmene nsalu yagwirira ntchito. Pa mapewa, pa mabere ndi pa maondo yakokeka n'kusalala, pamene pakati pa maondo yalendewera n'kuchita makwinya ang'onoang'ono. Nsaluyo ikukuuzani pamene thupi likukankha kuchokera m'kati. Wophunzira kuumba akakopera makwinya okha osamanga thupi pansi pake amatulutsa mulu wa zochapa, ndipo chiboliboli ichi chimaphunzitsa zimenezi msanga.

Mu 1959 Moore anamudula pakati mkazi uja. Kuyambira ndi Two Piece Reclining Figure No. 1, chifuwa ndi mutu zili padera, miyendo padera, pakati pali mpata. Iye ankatchula thanthwe la Adel pafupi ndi Leeds, limene analiona ali mwana, ngati gwero lina la maganizowa, ndipo miyendoyo imaonekadi ngati phompho. Ntchito yonse yagona pa kukula kwa mpatawo. Ukachepa, zidutswa zimaoneka ngati chinthu chothyoka. Ukakula, zimasanduka ziboliboli ziwiri zosadziwana. Ukakhala woyenera, diso lanu limalumikiza lokha msana ndi chiuno, ndipo pa sitepe iliyonse mukamazungulira mumaona thupi lina. Za zidutswa ziwiri ndi zitatu zoterezi zimapezeka m'mindamu, ndipo apa m'pamene Perry Green imaposa nyumba zosungiramo zaluso za m'tauni: palibe chipupa chokuletsani kupita kumbuyo, ndipo mungathe kubwerera mamita 50 kapena kugwada pa udzu n'kuona chapansi. Dziwani kuti ziboliboli zimasinthidwa malo ndipo zina zimabwerekedwa ku zionetsero, monga zinachitikira mu 2007 pamene zambiri zinapita ku munda wa Kew Gardens ku London. Ngati pali chimodzi chimene mwachilondola, funsani musananyamuke.

Tsopano zimene kulibe, ndipo n'zazikulu. Maganizo athu ndi akuti akazi ogona amphamvu koposa a Moore ndi amwala ndi amtengo a zaka za 1929 mpaka 1939, amene anawasema ndi nyundo ndi tchizulo, ndipo otchuka mwa iwo sali pano. Reclining Figure cha 1929, cha mwala wofiirira wa Hornton, chili ku Leeds Art Gallery. Ndicho chimene chimaonetsa poyera ngongole yake kwa Chacmool wa ku Chichén Itzá ku Mexico, chiboliboli cha mwamuna wogona chagada, maondo ali m'mwamba, mbale ili pamimba, mutu utatembenukira kumbali. Moore anamusandutsa mkazi, anamutembenuzira pa chiuno, koma anasunga makona a mwala ndi mutu watcheru uja. Recumbent Figure cha 1938, cha Hornton wobiriwira, ndi cha nyumba yosungiramo zaluso ya Tate ku London. Anachisemera bwalo la nyumba ya katswiri wa zomangamanga Serge Chermayeff ku Sussex, kuti mizere ya thupi iyankhane ndi mapiri a South Downs. Mwala wa Hornton umakumbidwa m'miyalo yosachindikala kwenikweni, choncho chibolibolichi n'cha miyalo itatu yosanjikiza ndipo misoko yake imaoneka. Pansi pa mabere pali bowo lalikulu lodutsa, ndipo aliyense amene anayesapo kuboola mwala wamiyalo amadziwa kuti nkhonya imodzi yolakwika imang'amba mwala motsata mzere wake. Za mtengo wa elm nazo zinabalalika, china ku Buffalo, china ku Detroit. Elm anamuyenera chifukwa thunthu lake ndi lalikulu ndipo ulusi wake ndi wolukana, sang'ambika wamba. Kuboola kunathandizanso kuti mtengo uume mofanana m'kati ndi kunja, ming'alu ichepe. Chachikulu cha mwala wa travertine cha 1957 mpaka 1958, chotalika mamita oposa 5, chili kulikulu la UNESCO ku Paris. Amene waona Perry Green yokha amadziwa Moore wa mkuwa ndi wa ukalamba. Moore wa mwala amafuna ulendo wina.

Chinanso n'chakuti malo oyendetsedwa ndi bungwe la mwiniwake, pakhomo pake penipeni, mwachibadwa amakamba nkhani ya munthu mmodzi. Mafunso ovuta mubwere nawo nokha. Mkazi wogona sanayambe ndi Moore. Mmisiri wa ku France, Henri Matisse, anaumba Reclining Nude I mu 1907, thupi lopotoka mwamphamvu, chigongono chili m'mwamba. Akazi a wosema ziboliboli wa ku France Aristide Maillol, amene ambiri ali m'munda wa Carrousel pafupi ndi Louvre ku Paris, ali ndi mnofu weniweni. La Rivière wake, wa 1938 mpaka 1943, akugudubuzika m'mphepete mwa maziko ake, mutu uli chapansi, manja akutchinga. Wosema ziboliboli wa ku Switzerland, Alberto Giacometti, mu 1932 anagoneka pansi penipeni, popanda maziko, thupi la mkazi wodulidwa pakhosi looneka ngati kachilombo kophwanyidwa, ndipo anaulula nkhanza zimene zimatha kubisala m'chizolowezi chogoneka mkazi kuti anthu amuyang'ane. Mukawaika pambali pa amenewa, akazi a Moore amaoneka bwino chimene ali. Sakugona tulo, sakunyengerera woonera, mutu ndi wodzuka ndipo ukuyang'ana kutali kupitirira inu. Iye ankakumbukira mmene ali mnyamata ku Castleford ankasisitira msana wa mayi ake ndi mankhwala a nyamakazi, ndipo misana yotakata ya ziboliboli zake imachokeradi ku dzanja limene linaudziwa msana wotero. Komabe akaziwa alibe nkhope, alibe dzina, mutu ndi waung'ono, ndipo nthawi zambiri mkazi wasanduka phiri kapena phanga. Ena amaona ulemu pamenepa, ena amaona munthu wochotsedwa umunthu. Ife timaona zonse ziwiri, ndipo timaona kuti m'ntchito za ukalamba wake, pamene ziboliboli zinkathiridwa zingapozingapo n'kupita kumabwalo a mabanki ndi a maboma, maonekedwe ena anasanduka chizolowezi. Anzake ena anadandaula iye akadali moyo. Anthony Caro, amene anali wothandizira wake pano kuyambira 1951 mpaka 1953, anasiya njira imeneyi n'kuyamba kuwotcherera zitsulo, ndipo mu 1967 anali mmodzi wa akatswiri 41 amene anasaina kalata mu nyuzipepala ya The Times yotsutsa kuti Tate ipatule malo aakulu a Moore yekha.

Nyumba yake, Hoglands, imene iye ndi mkazi wake Irina anasamukiramo bomba litawononga kwawo ku Hampstead mu London, imaonedwa m'magulu ang'onoang'ono pa nthawi yoikika, choncho sungitsani malo mukangofika. M'katimo muli zosema ndi zojambula za anthu ena zimene ankasonkhanitsa, ndipo zimasonyeza zimene maso ake ankadya tsiku ndi tsiku. M'nkhokwe yakale yotchedwa Aisled Barn muli nsalu zazikulu zolukidwa ku koleji ya zaluso ya West Dean kuchokera ku zojambula zake. N'zokongola, koma ngati nthawi yachepa mungazidumphe. Sheep Piece cha 1971 mpaka 1972 sichikukhudza nkhani yathu, komabe chioneni pansi pake, pamene nkhosa zimadzikhula n'kupukuta mkuwa ndi mafuta a ubweya wawo.

Za kayendedwe: sitima yochokera ku London Liverpool Street imafika ku Bishop's Stortford ola lisanakwane, ndipo kuchoka pamenepo mufunika takisi. Konzeranitu yobwerera, chifukwa kumudziku simungaimitse galimoto pamsewu. Malowa amatsegulidwa miyezi yofunda yokha, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Okutobala, ndipo si masiku onse a sabata, choncho onani kalendala yawo. Pali kogulira chakudya ndi tiyi pomwepo. Valani nsapato zotha kuponda matope ndi ndowe, pakuti busalo ndi busa lenileni, ndipo mvula ikagwa njira yopita ku chitunda imavuta kwa oyenda pa njinga ya olumala. Kwa zaka zambiri akhala akulola kukhudza mofatsa ziboliboli zamkuwa za panja, koma tsimikizani pachipata, vulani mphete ndi mawotchi chifukwa zimakanda phula, ndipo ana asakwerepo. Mukaona makamera ndi zipata zolimba musadabwe. Mu Disembala 2005 akuba anabwera ndi lole ya kireni n'kunyamula Reclining Figure cha 1969 mpaka 1970, cholemera matani pafupifupi 2 ndiponso cha mtengo wa mapaundi 3 miliyoni, ndipo apolisi anafika pokhulupirira kuti chinadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha pa mapaundi pafupifupi 1,500.

Nthawi ya tsiku imasintha zambiri. Dzuwa la masana likakhala pamutu limafafaniza mapindiro a mkuwa wakuda, ndipo zithunzi zimatuluka zakuda bii pa udzu wowala. Kuwala kopendekera kwa m'mawa ndi kwa madzulo kumatulutsa mzere uliwonse wa tupa, ndipo tsiku la mitambo yopyapyala ndi labwino kuposa la dzuwa lamphamvu. Choncho masitudiyo ndi zitsanzo za pulasitala muyambe nazo anthu asanachuluke, nyumba ndi chakudya zikhale za masana, ndipo ziboliboli za pa kapinga ndi cha pa chitunda muzisungire maola awiri omaliza asanatseke. Pa zonsezi patulani maola osachepera anayi. Ojambula atenge pensulo ndi kabuku, ajambule chiboliboli chimodzi cha zidutswa ziwiri ali mbali zinayi zosiyana, ndipo pa pepala lililonse ayambe ndi mpata wa pakati asanajambule mkuwa.